Kalumo Kakuthwa Kafika ku Komboni

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu timaunena nkhani ikatikanika eni mudzi, takhala pabwalo kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenaka munthu wongodutsa n'kuponyapo mawu awiri atatu amene amasula zonse. Ndi mwambi wolemekeza obwera, ndipo ngati pali anthu oyenera kuumva kukoma, ndi adzukulu a Amalawi amene ali m'makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe. Iwowa akhala akutchedwa alendo mibadwo itatu kapena inayi, chikhalirecho manda a agogo awo ali komweko.

Agogowo ananyamuka ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mangochi ndi kwina, atathinidwa ndi msonkho wa atsamunda. Ena anayenda wapansi, kuwoloka Zambezi ku Tete n'kulowera cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Ena anakwera malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linayambitsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo ena anatengedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi nkhondo yachiwiri itatha. Anakathyola fodya ku Mvurwi, ku Centenary, ku Banket, ku Trelawney ndi ku Karoi, anakathirira malalanje ku Mazowe. Anamanga matchalitchi a CCAP ndi mizikiti, anakhazikitsa madambwe, moti mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'makomboni pa maliro. Kumudzi ankati ndi matchona. Kumene anapitako ankati ndi mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale amene sanapondepo phazi mu Blantyre. Kalumo kawo kanali kakuthwa ndithu, poti ena anali atadutsa m'sukulu za mishoni, n'kukakhala akapitawo, makalaliki ndi oyendetsa mathirakitala. Koma m'mabuku a nthawi imeneyo ankalemba mosamala mabelo a fodya. Ana obadwira m'komboni, ndi amene ankafa asanayambe kuyenda, ambiri sanalowe m'buku lililonse.

Tsopano m'makomboni omwewo mwafika mlendo wina, ndipo uyu sanawoloke mtsinje. Kumapeto kwa Novembala 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, makina a pa intaneti amene umawafunsa monga ukufunsa munthu, iwo n'kukuyankha mosadodoma. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika makina ake otere m'kati mwa WhatsApp, ndipo Zimbabwe, Malawi ndi Zambia anali m'gulu la mayiko oyambirira kuwalandira kunja kwa America. Ku Zimbabwe, kumene anthu ambiri intaneti yawo imathera pa bandulo ya WhatsApp, zimenezi zinatanthauza kuti makina otere, otchedwa AI, anafika m'thumba mwa wophunzira unamwino ku Bindura ndi ku Chinhoyi asanakambidwe pa msonkhano wa aphunzitsi ake. Mlendo analowera ku khomo la kuseri, kwa ana, eni nyumba ali kudimba.

Funso langa lagona pa eni nyumbawo. Sukulu ya udokotala ya pa University of Zimbabwe inayamba mu 1963, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuphunzitsa madokotala, anamwino ndi akatswiri a mankhwala m'mawodi a chipatala chimene lero chimatchedwa Parirenyatwa, dzina la dokotala woyamba wachikuda m'dzikomo. M'zigawo za Mashonaland momwemo muli Bindura University of Science Education ndi Chinhoyi University of Technology, komanso sukulu za anamwino pa zipatala zazikulu. Ophunzira ochokera m'malo amenewa ndiwo amakathera pa kiliniki ya ku Glendale, ya ku Raffingora, ya ku Tengwe. Amene akuwaphunzitsa akudziwa chiyani za kalumo kamene ophunzirawo akayamba kale kumetera?

Kuthwa kokha sindikukana, ndipo mphunzitsi wokana angodzinamiza. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti makompyuta aziwerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, m'malo mwa munthu. Kwa dera limene akatswiri owerenga zithunzi zotere ndi osowa, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kumayambiriro kwa 2023 ofufuza a ku America anaonetsa kuti ChatGPT imafika kapena kuyandikira malikisi okhozera mayeso a udokotala a m'dzikomo. Ndipo manja ndi ochepa. Kumapeto kwa 2022 bungwe la boma lolemba ntchito anthu azaumoyo ku Zimbabwe linanena kuti oposa 4,000 anali atachoka kuyambira 2021, ndipo mu 2023 WHO inaika dzikolo pa mndandanda wa mayiko 55 operewera kwambiri ogwira ntchito zachipatala, momwe Malawi alimonso. Namwino amene watsala yekha pa kiliniki, odwala ali m'khonde mpaka panja, akapeza womufunsa usiku za mlingo wa mankhwala a mwana, ndani angamuletse?

Koma kumudzi kalumo kanali ndi eni ake. Kanali ka mzamba podula mchombo, ka namkungwi pometa anamwali, ka sing'anga potemera mphini. Sikankaperekedwa kwa mwana kuti akaseweretse, ndipo wokagwira ankayamba waonerera akulu kwa nthawi yaitali. Zaka za Edzi zinatiphunzitsanso china: lumo lomwe lija lotemera mankhwala likhoza kusamutsa matenda kuchoka pa munthu wina kupita pa wina, wotemerayo ali ndi mtima wabwino. Mwambi uja umayamikira zimene mlendo wabweretsa, koma sunanene kuti mlendoyo akudziwa pamene pali chipsera pamutu pako.

Makina amenewa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa. Amameza mabuku, magazini a madokotala, zithunzi, mafayilo a odwala, n'kumaona kuti chakuti chimakonda kutsatana ndi chakuti. Chimene sichinalembedwe, kwa iwo kulibe. Mu 2019 Ziad Obermeyer ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Science kafukufuku wa pulogalamu ina imene zipatala za ku America zinkagwiritsa ntchito posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera. Pulogalamuyo inkayeza kudwala kwa munthu poona ndalama zimene zinkawonongedwa pa iye kuchipatala. Popeza anthu akuda, ngakhale odwala mofanana ndi azungu, ankafika kuchipatala mochepa ndipo ankawonongeredwa ndalama zochepa, makinawo anawaona ngati athanzi. Ofufuzawo anawerengera kuti cholakwikacho chitakonzedwa, akuda olandira chisamalirocho akanakwera kuchoka pa anthu pafupifupi 18 kufika pa oposa 46 mwa 100 alionse. Palibe amene anauza makinawo kuti asankhe mtundu. Anangowerenga bwino mabuku olembedwa mokondera.

Tsono taganizani za komboni. Pulazi inali malo a mwini wake, ndipo kwa zaka zambiri umoyo wa antchito unkadalira mtima wa bwanayo, kawirikawiri kabati ya mankhwala ya mkazi wake. Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mapulazi a ku Hurungwe m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti amene ankalamulira moyo wa wantchito anali pakhomo pa mwini pulazi, boma lili kutali. Antchitowa sankavota n'komwe pa zisankho za makhonsolo mpaka kumapeto kwa zaka zomwezo. Dziko litangolandira ufulu, ofufuza monga Rene Loewenson anayeza ana a m'mapulazi n'kupeza kuti anali onyentchera kuposa ana a m'midzi, ngakhale ankakhala pakati pa minda yodyetsa dziko lonse. Ku Bindura kunayambika ntchito yophunzitsa azaumoyo a pa pulazi, ambiri a iwo amayi a m'komboni momwemo, kuti azipereka mankhwala a malungo, kuyeza ana sikelo ndi kulimbikitsa zimbudzi. Kenaka kunabwera chaka cha 2000. Mapulazi atagawidwa, ambiri mwa antchito oposa 300,000 anataya ntchito, ochepa okha ndiwo analandira malo, ndipo timakiliniki tambiri ta m'mapulazi tinatsekeka pamodzi ndi mabuku ake. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a obwera opanda dziko. Malamulo aakulu a 2013 anakonza zina, mpaka kulemba Chichewa poyambirira pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mu 2021 bungwe la Amnesty International linapezabe mabanja ochuluka opanda zitupa, ovutika kulembetsa ana kusukulu ndi kulandira thandizo kuchipatala.

Lero unduna wa zaumoyo ukusamutsira mafayilo a odwala m'kompyuta, m'dongosolo lotchedwa Impilo. Nzabwino. Koma mmenemo mumalowa amene wafika pawindo. Agogo amene analibe ndalama ya basi, mwana wobadwira m'nyumba, mnyamata amene anatsokomola mpaka kufa ali kumigodi, onsewa salowamo. Tsiku lina wina adzaphunzitsa makina pogwiritsa ntchito mafayilo amenewa kuti alosere kumene kukufunika anamwino ndi mankhwala, ndipo makinawo adzanena mwaulemu kuti ku komboni anthu sadwaladwala. Mphunzitsi amene sadziwa momwe makina amaphunzirira adzaika chithunzi cha zotsatirazo pa khoma la kalasi, ophunzira n'kukopera.

Tiyeni titsike pa nkhani ya wodwala mmodzi, poti apa ndi pamene zimaoneka bwino. Ndi mwezi wa Januwale, mvula ikugwa, fodya akuthyoledwa. Pa kiliniki pafika mtsikana wa zaka 15, mutu ukumuwawa, akusanza, akumva chizungulire, thupi lafooka. Wophunzira amene ali pa ntchito yoyeserera alemba zizindikirozi pafoni. Makina ayankha mwadongosolo: yezani malungo, ganizirani za mimba, za matenda a m'mimba, za kuchepa kwa madzi m'thupi. Palibe bodza pamenepo. Koma mtsikanayo wakhala kuyambira mbandakucha akukumbatira masamba a fodya onyowa, ndipo chikonga chasungunuka m'madzi a pamasambawo n'kulowa pakhungu. Matenda amenewa madokotala anawalemba koyamba ku Florida mu 1970, ndipo makina ukawafunsa mwachindunji adzakufotokozera bwino lomwe. Vuto ndi lakuti amayankha zimene wawauza. Funso lakuti "Mwanawe, unali kuti m'mawawu? Zovala zinanyowa?" liyenera kutuluka m'kamwa mwa munthu amene amadziwa kuti Januwale ku Mvurwi amatanthauza chiyani. Mu Epulo 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lochokera m'minda ya fodya ya ku Mashonaland ndi ku Manicaland, ndipo linapeza kuti ambiri mwa alimi ndi antchito amene linacheza nawo anali atamvapo zizindikiro zimenezi m'thupi mwawo, koma pafupifupi onse sanauzidwepo kuti fodya wamuwisi amaledzeretsa chotere.

Ndiye palinso mnzake wofanana naye nkhope. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda amayambitsa kusanza ndi chizungulire chomwecho, koma awa amapha msanga: malovu amachuluka, thukuta limatuluka, timibulu takuda ta m'maso timachepa kwambiri, ndipo pamafunika jakisoni wa atropine mosachedwa. Kusiyanitsa ziwirizi n'kwa maso ndi mphuno ya namwino, kusuzumira m'diso ndi kununkhiza malaya. Foni sinunkhiza.

Anyamata ambiri amene makolo awo anataya ntchito m'mapulazi analowa m'maenje a golide ku Mazowe ndi ku Shamva. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo, ndipo pa chithunzi matenda a fumbiwa amafanana ndi chifuwa chachikulu, komanso amachiitana. Kompyuta yowerenga chithunzi sinena kuti munthuyu ali ndi chifuwa chachikulu. Imapereka nambala, ndipo anthu ndiwo amasankha kuti kuyambira pa nambala yakuti tiziyeza makhololo. WHO yomweyo inalangiza kuti malire amenewo aziyesedwa molingana ndi anthu a m'deralo. Zipsera za chifuwa chakale ndi za fumbi zimakweza nambalayo. Wophunzira amene anangouzidwa kuti kompyuta imaona bwino kuposa munthu adzayamba kumwetsa mnyamata mankhwala a miyezi 6 pa matenda amene alibe, kapena adzamubweza kunyumba chifukwa makhololo sanaonetse kanthu, mapapo akuuma. Amene angamuphunzitse kusiyana kwake ndi mphunzitsi amene iye mwini anafunsapo kuti nambala imeneyi imachokera kuti.

Za chilankhulo ndingodutsapo. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014 ndi Chishona mu 2016, koma m'komboni salankhula Chichewa cha m'buku. Chiganizo chimodzi chimanyamula Chichewa, Chishona, Chisena, Chiyao ndi zotsalira za Chilapalapa cha akapitawo. Agogo akamati chinthu chikuyenda m'thupi, makina adzamasulira bwinobwino mawuwo, tanthauzo n'kutsala pa benchi.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nkhani ya AI ikafika pakati pa aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede, kawirikawiri imayambira ndi kuthera pa kubera mayeso. Nkhawayo ndi yoona. Wophunzira amene makina amulembera ntchito yonse ya zaka zinayi adzafika pa bedi la wodwala mutu uli mbee. Koma mankhwala amene ambiri athamangira, mapulogalamu oti azigwira zolemba za makina, ndi achabechabe kuposa momwe amaganizira. OpenAI yeniyeniyo inachotsa pulogalamu yake yotere mu Julayi 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford anapeza kuti mapulogalamu oterewa ankanamizira zolemba zoposa theka za anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, kuti zalembedwa ndi makina. Chifukwa chake n'chomvetsa chisoni: munthu wophunzira Chingerezi kusukulu amalemba mosamala, ndi mawu odziwika, mosadumphadumpha. Ndiye kuti mwana wa ku komboni, amene anaphunzira m'balani ya fodya yosandutsidwa kalasi n'kulimbikira mpaka kufika ku yunivesite, ndiye woyamba kuitanidwa ku ofesi kuti wabera, pamene mnzake wa ku Borrowdale, kwa anthu olemera, wodziwa kusintha mawu awiri atatu akudutsa. Mphunzitsi wokhulupirira pulogalamu yotere wachita chomwecho chimene akuletsa wophunzira: wasiyira makina chiweruzo chake.

Sindikunyoza aphunzitsiwa. Ambiri anaphunzira nthawi imene laibulale inali ya mapepala, ndipo akugwira ntchito m'nyengo yowawa. Mu 2025 aphunzitsi a pa University of Zimbabwe ananyanyala ntchito kwa miyezi chifukwa cha malipiro. Madzi akatsika ku Kariba magetsi amazima tsiku lonse. Ndondomeko ya boma ya Education 5.0 inawaonjezera katundu: pamwamba pa kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu, akuyembekezeka kutulukira zatsopano ndi kuyambitsa mafakitale. Munthu wotere ukamuuza kuti aphunzirenso za AI, akhoza kukuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo sangalakwe. Koma tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Namwino akadzalakwitsa mlingo chifukwa foni inamuuza motsimikiza, anthu sadzafunsa dzina la kampani ya ku California. Adzafunsa kuti anaphunzira kuti.

Mwayi wake, chimene chikufunika si kuti mphunzitsi wa unamwino asanduke katswiri wa makompyuta. Akufunika kudziwa kuti makina olankhulawa amalumikiza mawu amene akuoneka oyenera kutsatana, n'chifukwa chake amatha kupeka dzina la buku kapena kafukufuku amene kulibe, nkhope ili gwa. Akufunika kudziwa kuti mayankho ake amatsamira ku malangizo a mayiko amene analemba zambiri, pamene namwino wa ku Concession ayenera kutsatira EDLIZ, buku la mankhwala ndi machiritso la dziko lake, ndiponso zimene zilipodi pa shelefu. Ndipo akufunika kulimba mtima kuwabweretsa m'kalasi poyera. Awafunse pamaso pa ophunzira nkhani ya mtsikana wa fodya uja, onse aone zimene anena bwino, zimene aphonya, ndi funso limene likanasintha yankho. Ola limodzi lotere limaphunzitsa kukayika koyenera kuposa chikalata choletsa chopachikidwa pa bolodi. Mayeso nawo abwerere kumene makina sangalowe, pambali pa bedi, wophunzira akufotokoza ndi pakamwa pake chifukwa chimene wasankhira chakuti.

Pali chinanso chimene wophunzira sangachidziwe payekha. Dzina la wodwala, zaka zake, pulazi imene amakhala ndi zotsatira za magazi ake zikalembedwa pafoni kufunsa makina, zatuluka m'chipatala, zapita kumene namwinoyo sangazibweze. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere kuyambira 2021, koma lamulo silikhala pa kiliniki usiku. M'komboni ya nyumba 40, kungotchula kuti mkazi wa woyendetsa thirakitala kwakwana kuulula munthu. Izi aziphunzitsa chaka choyamba, pamodzi ndi kusamba m'manja.

Safunsa anadya phula, ndipo apa ofunsidwa ali mbali ziwiri. Mbali ina ndi ophunzira omwewo, amene makinawa awazolowera kuposa aphunzitsi awo; kukhala pansi n'kuwauza kuti tandionetsani momwe mumachitira sikutsitsa ulemu wa pulofesa. Mbali inayo ndi amayi aja a ku Bindura ndi kwina amene anali azaumoyo a pa pulazi. Ena akadali moyo, akukalambira m'makomboni, ndipo m'mitu mwawo muli zimene sizinalowe m'kompyuta iliyonse: mwezi umene ana amatsegula m'mimba, chitsime chimene chimadwalitsa, mawu amene bambo wachikulire amanena akamabisa matenda a kumaliseche. Kolera ya 2023 inayambira ku Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West momwemo, ndipo amene anaiona koyamba anali anthu a pamalopo. Yunivesite imene ingatume ophunzira kukakhala pansi ndi amayiwa, kulemba zimene akudziwa m'Chichewa ndi m'Chishona iwo atavomera, idzakhala yachita ntchito ziwiri: yaphunzitsa anamwino kumva, ndipo yayamba kulemba anthu amene mabuku anawadumpha.

Kwathu ku Malawi tisaone ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ikutulutsa anamwino ndi madokotala amene adzakumane ndi ana a matenanti m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, manja ali ndi phula la fodya, foni yomweyo ili m'thumba la yunifolomu.

Inu akuluakulu oyendetsa masukulu a zaumoyo, ku Harare, ku Bindura, ku Chinhoyi, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, musayambe ndi kulemba malamulo a ophunzira. Yambani ndi aphunzitsi anu. Apatseni nthawi yolipidwa, intaneti yodalirika ndi munthu wowaonetsa momwe makinawa amagwirira ntchito ndi momwe amalakwitsira, ndipo zitsanzo zophunzirira zichokere ku Mvurwi ndi ku Shamva. Chitani zimenezi chaka chino, fodya asanayambe kuthyoledwa.